Phunziro la Zaumoyo: Kodi Zitsamba Zingagonjetse Mavairasi?

MAWU OYAMBA

Phunziro la ulendo uno likukhudza nkhani imene timakumana nayo kawirikawiri tikapita kukazonda odwala. Pambali pa mphasa timapeza botolo la mapiritsi ochokera kuchipatala, ndipo pafupi pomwepo timapezanso chigubu cha madzi a mizu ndi makungwa. Wodwala kapena womudwazika amatifunsa kuti, "Amayi, kodi ndimwe ziti?" Ena amatisonyeza uthenga wa pa foni wonena kuti akatswiri a sayansi apeza kuti nimu, adyo kapena cham'mwamba amapha mavairasi. Yankho limene timapereka pa nthawi imeneyo ndi lalikulu, chifukwa anthu amatikhulupirira, ndipo ena amasiya kapena kupitiriza mankhwala potsata mawu athu.

Cholinga cha phunziroli ndi chakuti timvetse zimene akatswiri amatanthauza akanena kuti chomera chili ndi mphamvu yolimbana ndi vairasi. Mphamvu imeneyi ilipodi m'zomera zambiri. Koma kuchokera pamene yaoneka mu labotale kufikira pamene ichiza munthu pali ulendo wautali, ndipo zomera zochuluka zimathera panjira. Phunziroli ndi lalitali ndithu, choncho atsogoleri akhoza kuligawa pamisonkhano iwiri.

1. KODI VAIRASI NDI CHIYANI?

Pa Chichewa timangoti tizirombo toyambitsa matenda, koma tizirombo timeneti tili m'magulu osiyana. Pali mabakiteriya, amene amayambitsa chifuwa chachikulu, kolera ndi chindoko. Pali tizirombo ta malungo timene udzudzu umafalitsa. Gulu lina ndi la mavairasi, ndipo ndiwo amabweretsa Edzi, chimfine, chikuku, katsabola, mashingozi, poliyo, chiwewe, COVID-19 ndi matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B.

Vairasi ndi yaing'ono kwambiri moti sioneka pa makina amene amaonera malungo m'magazi. Payokha siidya ndipo siiswana. Kuti ichulukane imayenera kulowa m'maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi lathu. Tiyerekeze ndi mlendo wachipongwe amene walowa m'khitchini mwathu, walanda mthiko, ufa ndi nkhuni, ndipo wayamba kuphikira ana ake pamoto wathu. Ndi mmene vairasi imachitira: imagwiritsa ntchito zipangizo za selo popanga mavairasi ena ambirimbiri, amene amatuluka n'kukalowa m'maselo ena.

Apa ndi pamene pagona vuto. Mankhwala abwino ayenera kutulutsa mlendoyo popanda kutentha khitchini. Zinthu zopha vairasi zilipo zambiri, ngakhale sopo ndi jiki zimapha mavairasi pa ziwiya, koma sitingamwe. Zinthu zimene zimaletsa vairasi m'kati mwa thupi, n'kusiya maselo ali bwinobwino, ndi zochepa. N'chifukwa chakenso mankhwala opha mabakiteriya, monga amoxicillin ndi bakitirimu, sachiza chimfine.

2. MMENE AKATSWIRI AMAYESERA ZOMERA

Chomera sichingathawe mbozi, nkhungu kapena mbuzi. Chimadziteteza ndi zinthu zimene chimapanga chokha m'masamba, m'makungwa ndi m'mizu, zimene akatswiri amazitcha makemikolo. Kuwawa kwa nimu, fungo la bulugamu ndi utomoni woopsa wa nkhadze, zonsezi ndi zida za chomera. Tsamba limodzi likhoza kukhala ndi makemikolo mazanamazana, ena othandiza, ena opanda ntchito kwa ife, ena apoizoni.

Akatswiri akafuna kuyesa chomera amayamba ndi kuchizindikira dzina lake lenileni, chifukwa zomera zina zimafanana maonekedwe. Kuno kwathu ntchito yosunga ndi kuzindikira zomera imachitika ku National Herbarium ku Zomba. Kenaka amachiumitsa, kuchipera ndi kuchiviika m'madzi kapena mu spiriti kuti makemikolo atuluke. Madziwo amawadonthezera m'timbale tagalasi mmene muli maselo amoyo amene awathira vairasi, ndipo amayang'ana zinthu ziwiri. Choyamba, ndi muyeso wanji umene waletsa vairasi kuswana? Chachiwiri, ndi muyeso wanji umene wayamba kupha maselo? Miyeso iwiriyi ikayandikana, ndiye kuti chinthucho n'chosathandiza, chifukwa chikutentha mlendo pamodzi ndi khitchini.

Zotsatira zikakhala zabwino, amalekanitsa makemikolo mmodzimmodzi monga timachitira posankha mpunga, mpaka atapeza imene ikugwira ntchitoyo. Akatero amaiyesa pa nyama. Ikapambana pamenepo amaiyesa pa anthu m'magawo atatu: poyamba anthu ochepa kuti aone ngati siivulaza, kenaka odwala mazana angapo kuti apeze muyeso woyenera, potsiriza odwala ochuluka kwambiri, amene amawayerekeza ndi anzawo amene sanalandire mankhwalawo. Ulendo wonsewu kawirikawiri umapitirira zaka 10. Mauthenga ambiri amene timalandira pa foni amanena za sitepe yoyamba yokha, ya m'timbale tagalasi.

3. ZOMERA ZIMENE ZINAFIKA KWA ODWALA

Tisaganize kuti kafukufukuyu sabala zipatso. Tiyeni tione zitsanzo zitatu za mankhwala amene madokotala amalembera odwala.

Choyamba ndi mankhwala a fuluwenza, chimfine chachikulu chija chimene chimagoneka munthu ndi kutentha thupi. Dzina lake ndi oseltamivir, koma amadziwika kwambiri ndi dzina la Tamiflu, ndipo anavomerezedwa mu 1999. Pokonza mankhwalawa ankayambira pa kemikolo yotchedwa shikimic acid, yochokera m'zipatso za mtengo wa star anise umene umalimidwa kum'mwera kwa China. Mu 2005, pamene maiko ankagula mankhwalawa mopikisana poopa chimfine cha mbalame, zipatsozi zinasowa pamsika, ndipo kampani ya Roche inalimbikira njira ina yopangira kemikoloyo pogwiritsa ntchito mabakiteriya. Chofunika kudziwa n'chakuti shikimic acid payokha siiletsa fuluwenza. Ili ngati thonje limene liyenera kupotedwa, kuombedwa ndi kusokedwa kuti likhale chovala. Munthu womwa tiyi wa star anise samwa Tamiflu. Ndiponso pali mtengo wina wa ku Japan wa zipatso zofanana nazo umene uli ndi poizoni, ndipo makanda ena anagwidwa khunyu atamwetsedwa tiyi wosakanizika ndi zipatso zimenezo. Tamiflu weniweniyo amafuna kuyamba kumwedwa pasanathe masiku awiri, ndipo amafupikitsa matenda ndi tsiku limodzi kapena kuposerapo pang'ono.

Chachiwiri chikuchokera ku chomera chimene tonse timachidziwa, tiyi, yemweyu amalimidwa ku Thyolo ndi ku Mulanje. Mu 2006 boma la America linavomereza mafuta odzola otchedwa Veregen, opangidwa ndi makemikolo a m'masamba a tiyi wobiriwira, ochizira njerewere za kumalo obisika zimene zimayamba ndi vairasi ya HPV. Pakafukufuku wake, odwala pafupifupi 54 pa 100 alionse amene anadzola mankhwalawa njerewere zinawathera. Mwa amene anadzola mafuta opanda mankhwala, zinathera pafupifupi 35 pa 100 alionse. Taonani amayi: akadapanda kuyerekeza magulu awiriwa, anthu 35 aja akadachitira umboni mafuta wamba kuti ndiwo awachiza.

Chachitatu ndi podophyllin, mankhwala opaka pa njerewere zomwezo, ochokera ku mizu ya chomera cha ku North America ndi cha kumapiri a Himalaya. Ife amene tinagwirako ntchito ya unamwino tikudziwa kusamala kumene mankhwalawa amafuna. Amapakidwa ndi wachipatala pa njerewere pokha, amatsukidwa patapita maola ochepa, ndipo mayi woyembekezera sapatsidwa chifukwa akhoza kuvulaza mwana. Ndi mankhwala ochokera ku chomera, komabe ndi poizoni akapitirira muyeso. Tikumbutsanenso kuti mankhwala a njerewere sateteza khansa ya khomo la chiberekero. Chitetezo chake ndi katemera wa HPV, amene anayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse la Malawi mu 2019, pamodzi ndi kupita kukayezetsa.

4. ZOMERA ZIMENE ZINATHERA PANJIRA

Edzi itavuta m'zaka za m'ma 1980, bungwe la boma la America lotchedwa National Cancer Institute linatumiza akatswiri kukatola zomera ku Africa, ku Asia ndi ku South America, ndipo linayesa zitsanzo zikwizikwi pa kachirombo ka HIV. Nkhani zinayi zotsatirazi zikutiphunzitsa zambiri.

Mu 1987 anatola masamba ndi nthambi za mtengo wina m'nkhalango ya ku Sarawak, m'dziko la Malaysia. Patapita zaka zingapo anapeza kuti muli kemikolo imene inaletsa HIV kuswana mu labotale, ndipo anaitcha calanolide A. Atabwerera kuti akatole zambiri anapeza mtengowo utadulidwa. Anavutika kufunafuna mpaka anakapeza mitengo ya mtundu womwewo m'munda wosungira zomera ku Singapore. Kemikoloyi inayesedwako pa anthu, koma mpaka lero siinavomerezedwe kukhala mankhwala.

Chaka chomwecho cha 1987, m'nkhalango ya Korup ku Cameroon anatola chomera china choyanga chimene akatswiri anali asanachilembepo m'mabuku awo. Kemikolo yake, michellamine B, inaletsa mitundu yonse iwiri ya HIV m'timbale. Chiyembekezo chinali chachikulu. Koma ataiyesa pa nyama inaononga mitsempha, ndipo muyeso wothandiza unali pafupi kwambiri ndi muyeso wovulaza. Kafukufuku anathera pomwepo.

Ku Samoa, zilumba za m'nyanja ya Pacific, asing'anga achizimayi ankachiza matenda a chikasu ndi makungwa a mtengo wotchedwa mamala. Mmodzi mwa iwo, mayi Epenesa Mauigoa, anafotokozera katswiri wa zomera Paul Alan Cox kakonzedwe kake. Mu 1992 akatswiri analengeza kuti m'mtengowo muli kemikolo yotchedwa prostratin, imene imavumbulutsa HIV m'maselo mmene imabisala. Mu 2001 panasainidwa pangano lakuti phindu likadzapezeka, magawo 20 pa 100 adzapite kwa anthu a ku Samoa, kuphatikizapo mudzi ndi mabanja a asing'angawo. Ichi ndi chitsanzo chabwino cha kulemekeza nzeru za amayi akumudzi. Komabe prostratin akadali wa kafukufuku, sanafike m'zipatala.

Chomaliza ndi chitsamba cha ku Ulaya chotchedwa St John's wort. Kemikolo yake, hypericin, inaoneka yamphamvu pa HIV mu labotale. Zotsatira za kuyesa kwake pa odwala 30 zinatuluka mu 1999. Kachirombo sikanachepe m'magazi, ndipo oposa theka la odwalawo analekera panjira chifukwa cha zovuta, makamaka kupsa khungu akangokhala padzuwa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

5. CHIFUKWA CHIYANI MBALE YAGALASI SIFANANA NDI THUPI?

Pali zifukwa zinayi zimene tiyenera kuzisunga.

Choyamba, chimene tamwa chimadutsa m'mimba ndi m'chiwindi. Makemikolo ambiri amaphwanyidwa kapena kutuluka ndi mkodzo asanafike kumene kuli vairasi. M'mbale mulibe chifu, chiwindi kapena impso.

Chachiwiri ndi muyeso. Kuti mphamvu imene inagwira ntchito m'mbale ifike m'magazi, nthawi zambiri munthu angafunike kumwa zochuluka zedi moti chiwindi ndi impso sizingapirire.

Chachitatu, zomera sizikhala ndi mphamvu yofanana. Amayi a kunyanja amadziwa bwino za chinangwa: china n'chozizira, china n'chowawa, ndipo chowawacho chimawawa koposa nthawi ya chilala. Palibe amene amaphika kondowole wa chinangwa chowawa asanachiviike, ngakhale kuti ndi chachilengedwe. Chimodzimodzi masamba a mtengo umodzi amasiyana mphamvu malinga ndi dothi, nyengo ndi kaumitsidwe. Chikho cha lero sichifanana ndi chikho cha mawa.

Chachinayi, vairasi imasintha. Ikakumana ndi mankhwala ofooka kapena omwedwa modumphadumpha, imaphunzira kuwapirira. Ichi n'chifukwa chake ma ARV amaphatikiza mankhwala atatu ndipo amamwedwa tsiku lililonse.

Pali chinanso chimene chimatisokoneza, ndicho maumboni a anthu. Chimfine chimatha chokha pa sabata imodzi kapena iwiri, choncho chilichonse chimene munthu wamwa pa tsiku lachisanu chimaoneka ngati ndicho chamuchiza. HIV imatha kukhala zaka zambiri osaonetsa zizindikiro. Munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika akayezedwa, kachirombo kamachepa mpaka makina osakaona. Ngati munthuyo amamwanso zitsamba, ulemu umapita kwa zitsambazo. Koma kachiromboko kamakhala kangobisala, ndipo akasiya ma ARV kamabwerera patangopita masabata ochepa.

6. PAMENE MALONJEZO APOSA UMBONI

Ambiri a ife tikukumbukira chaka cha 1995, pamene anthu zikwi mazanamazana anakhamukira kwa a Billy Goodson Chisupe m'boma la Machinga, kufupi ndi Liwonde, kukamwa mchape, madzi a makungwa amene ankati amachiza Edzi. Sitikuweruza amene anapita. Pa nthawiyo m'zipatala za boma munalibe ma ARV, ndipo maliro anali tsiku ndi tsiku. A Chisupe sankalipiritsa, koma kukoma mtima kwa wopereka mankhwala si umboni wakuti mankhwalawo akugwira ntchito. Palibe umboni umene unapezeka wakuti mchape unachotsa kachirombo, ndipo maliro anapitirira. Zinthu zinayamba kusintha pamene ma ARV aulere anayamba kuperekedwa mu 2004. Pofika 2023, a Malawi oposa 900,000 anali pa mankhwalawa, akulima, kuphunzitsa ndi kulera ana awo.

Ku South Africa, nduna ya zaumoyo Manto Tshabalala-Msimang inkalimbikitsa adyo, mandimu, bitiruti ndi chomera chotchedwa African potato pamene boma linkazengereza kupereka ma ARV. Akatswiri a ku yunivesite ya Harvard anawerengera mu 2008 kuti kuchedwako kunatayitsa miyoyo yoposa 330,000 pakati pa 2000 ndi 2005. Ku Gambia, mu 2007, mtsogoleri wa dzikolo Yahya Jammeh analengeza kuti akuchiza Edzi ndi zitsamba. Odwala anauzidwa kusiya ma ARV, ndipo ena mwa iwo anamwalira.

Nthawi ya COVID-19 nkhaniyi inabweranso. Mu April 2020 mtsogoleri wa Madagascar, Andry Rajoelina, anakhazikitsa chakumwa chotchedwa Covid-Organics, chopangidwa ndi chitsamba cha Artemisia annua. Chitsamba chimenechi ndi chamtengo wapatali ndithu. M'menemo ndi mmene mayi Tu Youyou wa ku China ndi anzake anapezamo artemisinin mu 1972, ntchito imene inapezetsa mayiyu mphotho ya Nobel mu 2015, ndipo mankhwala a malungo a LA, amene tinayamba kulandira mu 2007, amachokera ku kemikolo imeneyi. Koma malungo si vairasi. Akatswiri ku Germany anaona kuti madzi a chitsambachi amachepetsa vairasi ya COVID-19 m'timbale, komabe umboni wakuti chakumwacho chimateteza kapena kuchiza anthu sunapezeke, ndipo matendawa anafalabe ku Madagascar. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limaletsanso kumwa tiyi wa Artemisia pochiza malungo, chifukwa muyeso wake wosadziwika ungaphunzitse tizirombo ta malungo kupirira LA.

7. KUPHATIKIZA ZITSAMBA NDI MA ARV

Ena amati, "Ine sindinasiye ma ARV, ndikungowonjezera zitsamba." Apanso tisamale. Chiwindi ndicho chimaphwanya mankhwala ambiri amene timamwa. Zitsamba zina zimachifulumizitsa, motero mankhwala amatha m'magazi nthawi yake isanakwane. Zina zimachichedwetsa, motero mankhwala amaunjikana n'kuyamba kuvulaza.

Kafukufuku wa mu 2000 anasonyeza kuti St John's wort uja anachepetsa mankhwala a indinavir m'magazi ndi magawo 57 pa 100. Wina wa mu 2002 anasonyeza kuti makapisozi a adyo anachepetsa saquinavir ndi theka. Awa ndi ma ARV akale, koma chenjezo la St John's wort likukhudzanso dolutegravir, amene ali m'mapiritsi amene ambiri akhala akulandira kuno kuyambira 2019. Adyo wothira m'ndiwo alibe vuto. Chovuta ndi makapisozi ndi ufa womwedwa wambiri tsiku ndi tsiku.

Si zomera zonse zimene zimasokoneza. Kafukufuku wochepa wa ku Zimbabwe, amene anatuluka mu 2017, anapeza kuti ufa wa masamba a cham'mwamba sunasinthe kwenikweni muyeso wa nevirapine m'magazi. Cham'mwamba ndi ndiwo yabwino yopatsa thanzi, ndipo tidye. Koma chakudya chomanga thupi ndi china, mankhwala oletsa vairasi ndi ena. Choopsa kwambiri ndi mabotolo osalembedwa zimene zili m'kati, ogulitsidwa m'misika ndi m'mabasi ndi dzina lakuti okweza chitetezo. Palibe amene angatiuze mmene angakhalirane ndi ma ARV, chifukwa ngakhale wogulitsayo sanayese.

8. ZIMENE TINGACHITE IFE AMAYI

Tikamva za mankhwala atsopano a zitsamba, tifunse mafunso anayi, pakuti safunsa anadya phula. Kodi anawayesa m'mbale, pa nyama kapena pa anthu? Ngati ndi pa anthu, anali angati, ndipo anawayerekeza ndi ndani? Kodi muyeso wake ndi wotani, ndipo zovuta zake ndi ziti? Kodi wogulitsayo akutiuza kuti tisiye mankhwala a kuchipatala? Amene akunena kuti botolo limodzi limachiza Edzi, shuga, khansa ndi kusabereka, ndiponso kuti lilibe chovuta chilichonse, ameneyo timukayikire. Bungwe la boma loona za mankhwala ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo lamulo la HIV ndi Edzi limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 limaletsa kufalitsa zabodza zokhudza matendawa.

Pa chimfine wamba, madzi ofunda a mandimu, jinja ndi uchi amafewetsa pakhosi ndi kuchepetsa kutsokomola. Sapha vairasi, koma amathandiza wodwala kupeza bwino pamene thupi likumenya nkhondo yake. Mwana wosakwana chaka chimodzi asapatsidwe uchi. Kufukiza ndi masamba a bulugamu kumatsegula mphuno kwa kanthawi, koma sikufika kumene vairasi ikuswana, ndipo ana ambiri amapsa ndi madzi otentha. Wodwala akayamba kubanika, kupuma mofulumira, kukomoka, kapena mwana akakana kuyamwa, tithamangire kuchipatala.

Mwana wa chikuku tisamuthire madzi a zitsamba m'maso, chifukwa ana ena achita khungu mwa njira imeneyi. Chikuku chili ndi katemera, ndipo wodwala amapatsidwa vitamini A kuchipatala. Wolumidwa ndi galu atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Wa mashingozi afike kuchipatala pasanathe masiku atatu kuti mankhwala a acyclovir agwire bwino ntchito. Wa chikasu asamwe zitsamba zosadziwika, popeza chiwindi chake n'cholema kale.

Tilimbikitse odwala kuuza adokotala kapena anamwino zonse zimene akumwa. Ambiri amabisa poopa kukalipiridwa. Choncho ife tikapeza chigubu chija pambali pa mphasa, tisayambe ndi kudzudzula. Tikhale pansi, tifunse mwaulemu kuti achitenga kuti, ndipo akumwa motani. Kenaka tifunse ngati mapiritsi akumwedwa tsiku lililonse, ndipo ngati n'kotheka tiperekeze wodwalayo pa tsiku lake la kuchipatala. Asing'anga ambiri ndi abale athu ndi anansi athu, ndipo alipo amene amatumiza odwala kukayezetsa magazi. Amenewo tigwirizane nawo.

Potsiriza, tisamale mitengo. Nkhani ya ku Sarawak yatisonyeza kuti mtengo umodzi wodulidwa ukhoza kupita ndi mankhwala amene dziko likuwafuna. Mayi Jessie Williamson analemba buku la zomera zothandiza za dziko lino mu 1955, ndipo zomera zambiri zimene makolo athu ankagwiritsa ntchito sizinayesedwebe mokwanira. Tisasende khungwa kuzungulira thunthu lonse, tisazule mizu yonse, ndipo tibzale mitengo yachilengedwe m'minda ndi pakhomo. Agogo amene amadziwa maina a zomera ndi ntchito zake tiwafunse, tilembe, kuti adzukulu athu amene akuphunzira sayansi adzapeze poyambira.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Tchulani matenda asanu oyamba ndi mavairasi amene amavuta m'dera lanu. Ndi ati mwa iwo amene ali ndi katemera?

2. Fotokozani m'mawu anuanu kusiyana kwa chomera chimene chapha vairasi m'mbale ndi mankhwala amene achiza munthu.

3. Pa kafukufuku wa mafuta a tiyi, n'chifukwa chiyani kunali kofunika kukhala ndi gulu lodzola mafuta opanda mankhwala?

4. Mayi wina amene ali pa ma ARV wauzidwa kuchipatala kuti kachirombo sikakuoneka m'magazi. Apongozi ake akuti wachira chifukwa cha zitsamba, ndipo asiye mapiritsi. Kodi mungalankhule motani ndi mayiyo, ndiponso ndi apongoziwo, popanda kunyoza wina aliyense?

5. Ndi mitengo iti ya mankhwala imene ikusowa kwanuko? Gulu lanu lingachitepo chiyani dzinja likubwerali?

MAWU OTSIRIZA

Amayi anzathu, kuona maso a nkhono n'kudekha. Zomera zatipatsa kale mankhwala ofunika, ndipo tikhulupirira kuti zidzatipatsanso ena, koma adzabwera kudzera m'kuyesa kodekha kumene tafotokoza. Pakali pano palibe chitsamba chimene chatsimikizidwa kuti chimachotsa HIV m'thupi. Wodwala akatifunsa kuti amwe ziti, timuyankhe mosazengereza kuti mankhwala a kuchipatala asasiye ngakhale tsiku limodzi, adye bwino, ndipo chilichonse chimene akufuna kuwonjezera ayambe wafunsa achipatala. Tikupempha alembi a magulu kuti atitumizire mayankho ndi mafunso amene atuluke pa zokambirana zanu, kuti tidzawayankhe m'kalata yotsatira.